Chitsiru chinaomba ng'oma: yankho langa kwa a komiti yosungitsa mwambo

Papita nthawi ndisanalembe. Mwera wa chaka chino unativuta, usipa unakwera mtengo, ndipo ine ndinali kalikiliki ndi mapepala a Fomu 4. Lero ndabwera ndi kamkwiyo, tsono mundipirire chifukwa nkhani yake ndi yaitali.

Sabata yotsekera teremu yathayi tinali ndi zisudzo pasukulu pathu monga mwa nthawi zonse. Mnyamata wina wa Fomu 3, amene dzina lake sinditchula, anakwera pansanja atavala jekete lalikulu lobwereka, magalasi ali kunsonga ya mphuno, nayamba kuyenda ngati aHedi athu. Anatsokomola kawiri monga achitira iwo asanayambe kulankhula pa asembule. Kenaka anasolola kapepala m'thumba n'kuyamba kuwerenga lipoti la zimbudzi za atsikana, zimene makolo akhala akusonkhera kwa zaka zitatu. Anati maziko akupeza bwino. Anati njerwa zikupitiriza kupuma. Anati udzu umene wamera pamulu wa mchenga ndi umboni wakuti sukulu yathu imakonda zachilengedwe. Holo yonse inafa nalo phwete. Alonda anaseka, amayi ophika anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndi maso angawa ndinaona mapewa a aHedi eni ake akugwedezeka.

M'mawa mwake komiti yosungitsa mwambo inakhala pansi, ine ndili momwemo poti ndine woyang'anira kalabu ya zisudzo. Mkulu wina amene ndimamulemekeza zedi, amene anandilandira pasukulupa ndili mnyamata, anati: "Izi ndi zachizungu izi. Pachikhalidwe chathu mwana saseka wamkulu, ndipo mfumu sasewera nayo." Mng'ono wathu wina wophunzitsa Histole, wongobwera kumene kuchokera kukoleji, anafuna kupulumutsa mwanayo. Iye anati: "Koma akulu, ngakhale mafumu a ku Ulaya ankasunga zitsiru m'nyumba zawo zoti ziziwauza zoona. Bwanji tiphunzireko kwa iwo?"

Tsiku limenelo ndinalankhula pang'ono, ndipo ndinalankhula moipa, chifukwa ndikapsa mtima lilime limandilemera. Ndili m'njira kupita kunyumba m'pamene ndinazindikira chimene chinandipweteka. Anthu awiriwa ankaoneka ngati akutsutsana, koma anali atagwirizana pa chinthu chimodzi: kuti kuseka wolamula kunabwera pa sitima. Wina akufuna kukubweza kwawo, winayo akufuna kuitanitsa kwina. Ine ndikuti onse awiri alakwa, ndipo mng'ono wangayo, ngakhale mtima wake unali wabwino, walakwa koposa.

Tiyambe ndi zitsiru za ku Ulayazo poti zatchulidwa. N'zoona kuti m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 mafumu ambiri kumeneko ankasunga anthu owaseketsa. Angelezi ankawatcha fool kapena jester. M'zithunzi mumawaona atavala zamawangamawanga, chipewa cha makutu a bulu, mangenjeza, ndi kandodo kokhala ndi mutu wosema. Koma analipo a mitundu iwiri, ndipo okonda nkhaniyi amalumpha mtundu woyamba. Amenewa anali anthu obadwa ndi ulumali wa m'mutu, ena a msinkhu waufupi kwambiri, amene olemera ankawasunga, kuwadyetsa ndi kuwaveka kuti alendo aziwaseka. M'chaka cha 1529 Kadinala Wolsey wa ku England, ataona kuti Mfumu Henry VIII yamutembenukira, anatumiza chitsiru chake, dzina lake Patch, kwa mfumuyo ngati mphatso. Wantchito wa Wolsey amene analemba mbiri yake akuti Patch anakana, anachita kumunyamula amuna amphamvu asanu ndi mmodzi. Munthu wathunthu kuperekedwa ngati mbuzi ya chipepeso! Ife a ku Nkhotakota, amene timadutsa pansi pa mkuyu umene Livingstone anakambiranapo ndi Jumbe za malonda a akapolo, sitisowa wotiuza dzina la mchitidwe wopereka munthu ngati mphatso.

Mtundu wachiwiri ndi wa akathyali ochenjera, amene ankadziveka uchitsiru ngati ntchito. Awa ndi amene amatamandidwa kuti ankauza mafumu zoona popanda mantha. Chabwino, tiyeni tione mmene zoonazo zinkawathera.

Mu 1535 kazembe wina wokhala ku London, Eustace Chapuys, analembera bwana wake kuti Henry VIII yemweyo anatsala pang'ono kupha chitsiru chake ndi manja ake. Mlandu wake? Chinayamikira mkazi woyamba wa mfumu, Catherine, n'kunyoza mkazi watsopano, Anne Boleyn, n'kunenanso kuti mwana wake Elizabeth ndi wam'chigololo. Chinapulumuka chifukwa nduna ina inachibisa kunyumba kwake mpaka mkwiyo utaphwa. Tsono imvani izi. Pasanathe chaka, mu Meyi 1536, Henry anadulitsa mutu wa Anne, ndipo lamulo linalengeza kuti Elizabeth si mwana wa m'banja lovomerezeka. Mawu ndi omwewo. Chitsiru chinangolakwa kuwanena mfumu isanawafune.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya Archie Armstrong, wa ku Scotland, amene anatumikira Mfumu James I ndi mwana wake Charles I. Ameneyu anali wamwano weniweni, ndipo mwanowo unamulemeretsa. Mu 1623 anatsagana ndi Charles ku Spain pa ulendo wofunsira mbeta umene unalephereka, ndipo pambuyo pake anapatsidwa malo aakulu ku Ireland. Kwa zaka pafupifupi 30 ankanyogodola nduna ndi akazembe, mafumu akumuombera m'manja. Ndiye mu 1637 bishopu wamkulu wa ku Canterbury, William Laud, pamodzi ndi Charles, anakakamiza anthu a ku Scotland kuti azipemphera ndi buku latsopano la mapemphero. Anthu anakana, m'tchalitchi chachikulu cha ku Edinburgh munabuka chipolowe, dziko lonse la Scotland linayamba kugalukira. Mbiri yoipayo itafika ku London, Archie anakumana ndi Laud akupita kumsonkhano wa nduna, namufunsa kuti tsopano chitsiru ndani. Laud anakadandaula. Mu Malichi 1638 nduna za mfumu zinalamula kuti Archie amuvule chovala chake cha uchitsiru pomukokera kumutu, ndi kumuponya kunja kwa chipata. Charles sanamuteteze. Anangolemba chitsiru china, Muckle John, chimene sichinkalowerera za ndale.

Archie ankanena zoona. Chipolowe chija chinakula n'kukhala nkhondo, Laud anadulidwa mutu mu 1645, Charles mu 1649, pamene Archie anakakalamba kumudzi akukongoza anthu ndalama mpaka 1672. Ena amasimba nkhaniyi ngati chipambano cha chitsiru. Ine ndimaona zina. Tsiku limodzi lokha limene mawu ake akanathandiza dziko, ndi tsiku limene anamuchotsa ntchito. Zaka 30 zonse zija ankamulekerera chifukwa ankaluma anthu amene mfumu inkafuna kuti alumidwe, kapena ankaluma pamene sipapweteka.

Nanga chithunzi chokongola cha chitsiru chanzeru chimene tili nacho m'mutu chinachokera kuti? Chambiri chinachokera kwa olemba masewero ndi ojambula. Chitsiru cha mu King Lear ndi cha Shakespeare, sichinadyepo nsima ya mfumu iliyonse. Ku Poland amanyadira Stańczyk, amene anatumikira mafumu atatu m'zaka za m'ma 1500, ndipo pali chithunzi chotchuka chomuonetsa atakhala yekha, wakwinya nkhope poganizira za kugwa kwa mzinda wa Smolensk, anzake akuvina m'chipinda china. Chithunzicho anajambula Jan Matejko mu 1862, patapita zaka 300 mwini wake atamwalira, ndipo nkhope imene ili pamenepo ndi ya Matejko yemwe. Ku France kunali Triboulet, chitsiru cha Mfumu Francis I. Victor Hugo atalemba sewero lonena za iye mu 1832, boma linaliletsa litangoonetsedwa usiku umodzi. Taonani, abale, ngakhale chitsiru chakufa kalekale chinawaopsa.

Ndipo panali mafumu ena amene uchitsiru ankaugwiritsa ntchito ngati chilango. Mfumukazi Anna ya ku Russia inatsitsa mkulu wina wa banja lomveka, Mikhail Golitsyn, n'kumusandutsa chitsiru cha kunyumba yachifumu. Mu 1740 inamukwatitsa mokakamiza, n'kumugoneka pamodzi ndi mkwatibwi m'nyumba yomangidwa ndi madzi oundana, alonda ali pakhomo. Anthu anaseka. Ankaseka chimene mfumukazi yawalozera.

Mng'ono wanga, zimene ukufuna kuti tiphunzire ndi zimenezi? Ufulu wa chitsiru cha ku Ulaya unali wobwereka. Chakudya cha mfumu, chovala cha mfumu, chilolezo cha mfumu, ndipo mwini wake akachifuna ankachitenga.

Tsopano ndibwere kwa mkulu wanga, ndipo ndilankhule mwaulemu poti ndi wamkulu. Akulu, inu munakulira kumudzi monga ine. Kodi msuweni wanu amakulankhulani bwanji? Mukhale mphunzitsi, mukhale m'busa, mukhale gulupu, msuweni akhoza kukunenani pagulu kuti ndinu waumbombo, mimba yanuyo ndi ya ndalama za amasiye, ndipo inu mungoseka mano ali gwa, chifukwa kukwiyira msuweni ndiye manyazi. Kodi mdzukulu amasereula bwanji agogo ake? Nanga pamaliro, adzukulu okumba manda akayamba zawo, ndani amawaletsa? Amagwira nkhuku ya mwini mudzi, amayerekeza mayendedwe a malemu, amauza anamfedwa olemera kuti munthuyu munamutaya ali moyo ndiye lero mukulirira chiyani. Pamenepo mfumu ilipo, yakhala pampando, ndipo siyankha. Abale athu a ku Chipata amadziwa zimene Abemba amawachita Angoni pamaliro, ndi zimene Angoni amabwezera. Zonsezi zinabwera pa sitima iti?

Nanga pamtondo? Mayi amene sangathe kuyankha apongozi ake pamaso amatenga musi, n'kuika nkhani yonse m'nyimbo, mudzi wonse ukumva. Mwamuna woledzera amamva mlandu wake ali gone m'nyumba. Nyakwawa yokondera pogawa minda imaumva ikudutsa. Palibe amene angamuitanire kubwalo mayiyo, chifukwa ayankha kuti ine ndimangosinja.

Kuno kunyanja tili ndi zathuzathu. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, anyamata a m'mbali mwa nyanja, ena atabwerako kunkhondoko, anayambitsa magule otsanzira perete wa asilikali a atsamunda. Kumwera kuli beni, kuno ndi ku Likoma ndi ku Nkhata Bay kuli malipenga. Taganizani: asodzi atavala makabudula oyera mbee, masokosi ofika m'mawondo, akuliza malipenga a zikho, gulu lawo akulitcha boma, ndipo m'bomamo muli Kingi, muli akapitawo, muli dokotala. Akatswiri amatsutsana ngati kumeneku kunali kusirira mzungu kapena kumuseka. Aliyense amene anaonapo Kingi wa malipenga akuyendera asilikali ake, khosi lili nga, ndodo ili m'khwapa, akudziwa kuti zonse ziwiri zinalipo. Bwanamkubwa wa ku Zomba anali ndi mfuti, koma mayendedwe ake anali m'manja mwa anyamata a kugombe. Amayi nawo pa chiwoda samangoyamika. Mwamuna amene anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, wamalonda wobera pasikelo, onse amalowa m'nyimbo.

Ndiye pali Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Za kudambwe sindinena, ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Amishoni atafika ndi kuyamba kulimbana ndi nyau, pabwalo panatulukira Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, panatulukira Maliya. Ogula akapolo analowa m'gule, galimoto inalowa, njinga yamoto inalowa, ngakhale helikopita. Pitani ku Mua, kunyumba ya Chamare imene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsamo nkhope mazanamazana, mukaone kuchuluka kwa zilombo zimene ntchito yake ndi kudzudzula: mwamuna wachimasomaso, mkamwini waulesi, mfumu yadyera, mfumu yogulitsa malo, wolemera wodzikuza. Mudzandiuza kuti gule ali pansi pa mwini mzinda, ndipo mwini mzinda ndi mfumu. Inde. Koma mfumu siipeka nyimbo, ndipo chilombo chikaidzudzula ilibe dzina loti ilembe pa samani. Mungazenge bwanji mlandu chinthu chochokera kumanda? Mfumu imangopisa m'thumba n'kusupa monga wina aliyense.

Apa ndiye pagona kusiyana kumene ndinalephera kukufotokoza m'komiti muja. Akatswiri awiri, Leroy Vail ndi Landeg White, analemba buku mu 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, atafufuza nyimbo za m'chigawo chathu chino cha Afrika. Mfundo yawo ndi yakuti kuno chilolezo chodzudzula wamkulu sichili mwa woimba, chili m'nyimbo. Aliyense woimba nyimboyo watetezedwa. Anapeza kuti m'minda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi, ku Mozambique, antchito ankaimba nyimbo yotukwana bwana wachipwitikizi wotchedwa Paiva mibadwo ndi mibadwo, akapitawo akumva. Ku Ulaya kunali munthu mmodzi wololedwa, ndipo ankatha kumuvula jekete. Kwathu kuno chololedwa chinali bwalo, mtondo, manda, ng'oma. Mfumu ikanafuna kuletsa, ikanayenera kuchotsa ntchito mudzi wonse. Makolo athu sananene kuti wamisala anaona nkhondo chifukwa chokonda misala. Ankadziwa kuti mudzi umene umatseka pakamwa anthu otere umadzadzidzimuka adani ali pakhomo.

Musandimve molakwa, sindikuti kale zonse zinali uchi. Gule yemweyo wathamangitsapo ana kusukulu ndipo wamenyapo anthu osalakwa m'njira. Nthabwala zathu zambiri ndi zankhanza. Timaseka wachibwibwi, timaseka mnzathu wachialubino, timaseka kalankhulidwe ka Msena ndi Mlomwe, ndipo azisudzo ena a pa wailesi ndi pa kanema akhala akudyera pomwepo. Mwana wa m'kalabu yanga atakwera pansanja kukayerekeza mnzake wolumala, sindingadikire komiti, ndimutsitsa ndekha. Kumeneko ndiye kwa Mfumukazi Anna, wamphamvu kuloza wofooka kuti anthu aseke. Koma mnyamata wathu uja sanaloze wofooka. Analoza mulu wa njerwa ndi ofesi imene ili ndi makiyi a ndalama za makolo.

Tsono ngati makolo athu ankaseka mafumu, mantha amene mkulu wanga akuwatcha chikhalidwewa anachokera kuti? Sitipita kutali, ena anayambira pakhomo pathu pano. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress Party chinachita msonkhano waukulu kuno ku Nkhotakota, ndipo pamsonkhanowo Dr Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya wa dziko. Pakati pa zaka zimenezi panabwera lamulo la 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina, limene linachititsa kunyoza pulezidenti kukhala mlandu, ndi lamulo la 1968 limene linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero. Milandu yolankhula zoukira boma inali kale m'buku la malamulo limene atsamunda anatisiyira. Akulu, ngati pali chimene chinabwera pa sitima, ndi lamulo loletsa kuseka. Kusekako linakupeza konkuno.

Amene tinakula nthawi imeneyo tikukumbukira zimene zinachitikira magule athu. Sanawaletse ayi, anawalemba ntchito. Chiwoda, chimtali, ingoma, ngakhale zilombo zimene, zonse zinkakwezedwa malole kupita kumisonkhano kukatamanda munthu mmodzi ndi kutukwana amene wawatcha zigawenga. Nyimbo imene inkaluma chokwera inayamba kuluma chotsika. Ngakhale nyimbo ya azungu ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina chabe. Jack Mapanje, amene anabisa mawu ake m'mikuluwiko ya bilimankhwe, anakakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Zaka 30 zokha, koma zinakwanira kuti mwana wobadwa nthawi imeneyo akule akuganiza kuti kunjenjemera pamaso pa bwana ndi mwambo wa Achewa. Ambiri a ife amene tikuyendetsa masukulu lero ndife ana amenewo. Ine ndemwe, mnyamata uja atangotsokomola kachiwiri pansanja, ndisanaseke ndinayamba ndayang'ana kukhomo.

Chitatha chaka cha 1994 pakamwa panatseguka. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene anatsatira mu 2021, anatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, ndipo mkati mwa phwetemo munkakhala minga. Koma dzanja lakale silinafe. Mu Disembala 2011 apolisi anamanga Thlupego Chisiza ku Blantyre sewero lake la Semo lili mkati, ati silinadutse kubungwe lounika lija. Mu Januwale 2019 Bon Kalindo, amene tonse timamudziwa kuti Winiko, anamangidwa pa mlandu wonyoza pulezidenti ali phungu wa Nyumba ya Malamulo. Zinthu zasinthako, ndivomere. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo inafafaniza milandu yolankhula zoukira boma ndi wonyoza pulezidenti, ndipo mu Julaye 2025 bwalo lalikulu linagamula kuti kumanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Komabe lamulo la 2016 la za pa intaneti latsekeretsa anthu angapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndipo ndifunse: ngati Nyumba ya Malamulo inavomera kuti pulezidenti akhoza kusekedwa, hedimasitala ndani?

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si apolisi koma envulopu. Nthawi ya kampeni ikafika, onani amene amatenthetsa bwalo bwana asanafike: wanthabwala, woimba, ndi zilombo zovekedwa nsalu ya chipani. Amaseketsa anthu ponyoza wa chipani china, madzulo n'kulandira yawo. Mng'ono wanga, jester amene ukumufunayo tili naye kale, ndi ameneyu. Ndipo tinafika pena pamene Ulaya wa nthawi ya Archie sanafikepo. Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira Juni 2024, Dr Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege, mpaka Okutobala 2025. Sindikumunena, ndi ufulu wake monga nzika, ndipo ndi munthu wophunzira. Ndikungoti wanthabwala aliyense akalowa m'nyumba yachifumu, kaya polowera kukhitchini kaya pakhomo lalikulu, kubwalo kumachepa munthu mmodzi. Ndiye ife aphunzitsi, m'malo mophukitsa ena, tikuthyola nsonga zimene zikuphuka.

Pajatu sukulu zathu za sekondale ndiwo anali madambwe a zisudzo m'dziko muno. Mpikisano wa masewero wa aphunzitsi a Chingelezi unatulutsa anthu ambiri, ndipo malemu Du Chisiza Jr anayambira komweko ali mwana wasukulu. Timaphunzitsa ana nthano za Kalulu akupusitsa Njovu ndi Mkango, timawafunsa pa mayeso tanthauzo la mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, akayankha bwino timawachonga. Akachita zomwezo pansanja timawaitanira makolo.

Komiti inagamula motere. Mnyamatayo sanachotsedwe sukulu, ndipo apa ndiyamike aHedi, chifukwa ndi iwo amene anakana zomuchotsa pamene ena ankakakamira. Anapatsidwa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo analikumba, pafupi ndi mulu wa njerwa uja. Koma chigamulo chachiwiri ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Akuti kuyambira teremu ino sewero lililonse lizilembedwa papepala, woyang'anira kalabu aziliwerenga, azichotsa zonse zokhudza aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu, kenaka azisayina. Woyang'anira kalabuyo ndine. Chaka cha 1968 chandipeza m'sitafu rumu, chandipatsa bolopeni yofiira.

Ndawauza aHedi pamaso, ndipo ndikubwereza pano kuti anzanga mumve: masewero ndiziwerenga, zotukwana ndi zonyoza olumala ndizichotsa monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi, koma mzere woseka mphunzitsi sindidzaufufuta. Akafuna wofufuta asankhe wina, kalabu ndiwapatsa. Mkulu wanga uja sakundilankhula bwinobwino masiku ano, timangopatsana moni wa pamsewu, ndipo zikundiwawa chifukwa ndi munthu amene anandibwereka matiresi nditangofika kuno ndilibe kanthu.

Inu ana anga akale amene muli ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg, ndikudziwa kuti ena mwa inu munkandiyerekeza kuhositelo magetsi akazima. Mbiri inkandipeza. Lachitatu lapitali ndinalowa mochedwa m'kalasi imene kalabu imakonzekera, ndipo ndinapeza mnyamata yemwe uja ali kutsogolo, akupukutira choko pathalauza, akukanda chipande ndi kapu ya bolopeni. Ameneyo ndine. Anzake anati zii atandiona, koma ndinawauza kuti apitirize. Anayerekeza mmene ndimalowera piriyodi yoyamba ya Lolemba patatsala mphindi khumi, mmene ndimanenera kuti makope anu ndachonga koma ndawaiwala kunyumba, ndi mmene ndimalonjezera kuti mutu umene tadumphawu tidzaubwerera. Ana anaseka mogwira pakamwa. Ine ndinasekako pang'ono, koma kunena zoona sizinandikomere, ndipo usiku umenewo ndinachonga makope a Fomu 3 onse 74 pa nyali ya foni.

Sewerolo lidzaonetsedwa Loweruka lachitatu la teremu ino, 2 koloko masana, ngati komiti siliimitsa. Zimbudzi za atsikana zikadali pa maziko.